Mwana akabwera ndi kope la Life Skills, musathamangire kulitentha

Pamsika wa Bvumbwe, pamene minibasi zochoka ku Limbe zimaima kuti anthu agule kabichi, tomato ndi karoti asadapitirize ulendo wa ku Thyolo ndi ku Mulanje, pali mayi ena amene ndimakonda kuwagula masamba. Ndi mayi ansangala, osaumira basela. Koma tsiku lina m'nyengo ya holide ndidawapeza nkhope ili ndwii, ngakhale moni adangoyankha wa pakhosi.

Nkhani yake idali iyi. Mwana wawo wamkazi ali Fomu 2 pasukulu ina ya sekondale ya Katolika. Pofuna kuchapa chikwama chake, mayiwa adapezamo kope. Kutsegula, maso adagwera pa chithunzi chojambula pamanja cha thupi la munthu wamkazi, timivi tikuloza ziwalo zimene ife akuluakulu sititchula pagulu. Chingerezi chake sadachimve chonse, koma chithunzicho chidawakwanira. Bambo a mwanayo, amene amagwira ntchito kuesiteti ya tiyi, adati kopelo liponyedwe pamoto, ndipo sukulu ikatsegulira akaonana ndi ahedi maso ndi maso. Dandaulo lawo lidali lomveka ndithu: fizi amaipeza movutikira, sukulu ya mishoni adaisankha dala kuti mwana akakule moopa Mulungu, nanga lero akumuphunzitsa za kuchipinda?

Ndidapempha kuti ndilione kopelo lisadapse. Pachikuto padalembedwa kuti Life Skills.

Makolo ambiri a ku Thyolo kuno, ndi kwina konse, mudakumanapo nalo kope lotere. Ena mudakwiya ngati banja ili, ena mudangolitseka msangamsanga nkukhala ngati simudaone. Lero tiyeni tikambirane modekha, chifukwa zimene zili m'kopemo zikukhudza moyo wa mwana wanu kuposa masamu ndi jogalafe.

Kodi phunziro limeneli nchiyani?

Choyamba dziwani kuti si asisiteri kapena ansembe amene adaliyambitsa. Life Skills ndi phunziro la boma. Lidalowa m'sukulu za pulaimale chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kenako lidafika kusekondale, ndipo kuyambira cha m'ma 2010 ana adayamba kulilemba pamayeso a MANEB. Silabasi yake imakonzedwa ku Domasi, ku Malawi Institute of Education. Sukulu za Katolika zodziwika bwino m'chigawo chino, monga Providence ku Chisitu m'boma la Mulanje, Stella Maris mumzinda wa Blantyre ndi St Patrick's ku Mzedi, ana ake amalemba mayeso a boma omwewo amene amalemba mwana wa pa CDSS ya kumudzi. Choncho ngakhale mutamusamutsa mwana, phunzirolo akalipezanso uko.

Chachiwiri, za kutha msinkhu ndi kagawo chabe. Mayi aja nditawawerengera mitu ya m'kopemo, adadabwa. Mudali za kudzidziwa ndi kudzilemekeza wekha, za kuganiza kaye usadachite chinthu, za kukana anzako akamakukokera kuzoipa, za kuthetsa mkangano popanda ndewu, za kuugwira mtima ukakhumudwa, za kuipa kwa chamba ndi mowa, za HIV ndi matenda opatsirana pogonana, ngakhalenso za kayendetsedwe ka kabizinesi. Chithunzi chidawakwiyitsacho chidali patsamba limodzi lokha, pofotokoza za msambo ndi mmene mimba imayambira.

Kunena zoona, ambiri mwa malangizo amenewa ndi omwe kale ankaperekedwa ndi azakhali, amalume ndi agogo madzulo pabwalo kapena kumphala. Kusiyana kwake nkwakuti lero azakhali ali ku Johannesburg, amalume ali pa ganyu ku Limbe, ndipo agogo ambiri adapita msanga.

Chidabweretsa phunziroli ndi maliro

Inu amene mudakula m'zaka za m'ma 1990 simufunika kuuzidwa. HIV idapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, ndipo Thyolo lidali limodzi mwa maboma amene adakhudzidwa koopsa. M'malaini a maesiteti ndi m'midzi yozungulira, sabata sinkatha opanda zovuta. A bungwe la Médecins Sans Frontières adayamba kupereka ma ARV m'bomali mu 2003, boma nkuyamba kupereka mankhwalawa mwaulere m'dziko lonse mu 2004. Asadabwere mankhwalawa, chida chidalipo chidali chimodzi basi: kumuuza mwana zoona asadalowe m'mavuto. Nchifukwa chake m'sukulu mudabadwa makalabu a Edzi Toto, kenako phunziro la Life Skills.

Lero munthu amene ali ndi kachilombo amakhala moyo wautali akamamwa mankhwala mwandondomeko, tithokoze. Koma vuto la ana athu silidathe. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti mwa atsikana 100 alionse a zaka 15 mpaka 19, okwana 29 adali atabereka kale kapena adali ndi pathupi poyamba. Adapezanso kuti mwa amayi 100 a zaka 20 mpaka 24, okwana 42 adakwatiwa asadakwanitse zaka 18. Ndipo mu 2020, sukulu zitatsekedwa miyezi ingapo kaamba ka Covid-19, kauniuni wa boma adaonetsa mimba za atsikana pafupifupi 40,000 ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000.

Taganizirani bwino za 2020 imeneyo. Ana aja sadali m'kalasi la Life Skills. Adali pakhomo, m'manja mwa ife makolo. Ndiye tisamafulumire kunena kuti sukulu ndiyo ikuononga ana.

Nanga Mpingo umati chiyani?

Apa mpamene bambo aja adali ndi chikhulupiriro chonse kuti akapambana mlandu kwa ahedi. Koma Mpingo wa Katolika sudanenepo kuti mwana akule mumdima. Mu 1965, msonkhano waukulu wa maepiskopi wa Vatican II, m'chikalata chake cha zamaphunziro chotchedwa Gravissimum Educationis, udanena kuti ana akamakula aziphunzitsidwa za thupi lawo ndi za kugonana mwanzeru komanso mowamanga. Mu 1981 Papa John Paul II, yemwe uja adadzatichezera kuno mu 1989, adalemba kalata ya za banja yotchedwa Familiaris Consortio. M'menemo adatsindika kuti udindo woyamba pa nkhani imeneyi ndi wa makolo, sukulu ndi yothandizira chabe, ndipo maphunzirowa asalekanitsidwe ndi chikhalidwe chabwino. Malemu Papa Francis nawonso, m'kalata ya Amoris Laetitia ya 2016, adati ana auzidwe zinthu pa nthawi yake, molingana ndi msinkhu wawo. Adachenjezanso makolo kuti kulonda mwana paliponse pamene wapita sikumulera. Chofunika nkumuthandiza kukhwima m'maganizo kuti azisankha bwino ngakhale inu palibe.

Mwamva? Mpingo sukuti nkhaniyi isakambidwe. Ukuti oyamba kuikamba mukhale inu.

Pali pamodzi pamene silabasi ya boma ndi chiphunzitso cha Mpingo sizigwirizana, ndipo tisabise. Mabuku a boma amatchula kondomu ngati njira imodzi yochepetsera chiopsezo cha HIV ndi mimba, zimene a zaumoyo amatsimikiza. Mpingo umaphunzitsa kudziletsa usadalowe m'banja ndi kukhulupirika ukalowamo, ndipo suvomereza njira zolera za kuchipatala. Mwana wa pasukulu ya Katolika amamva zonse ziwiri: china m'kalasi pokonzekera mayeso, china m'tchalitchi ndi kugulu la YCS. Tsiku lina adzakufunsani kuti zoona nziti. Musamunamize. Mukamuuza kuti kondomu sigwira ntchito, mawa akamva zosiyana kwa adokotala, ndipo kuyambira pamenepo sadzakhulupiriranso chilichonse chochoka pakamwa panu. Muuzeni zoona za chipatala monga zilili, kenako mumuuze chimene banja lanu limakhulupirira ndi chifukwa chake. Kudziwa chinthu ndi kuchichita nzosiyana. Tonse timadziwa kumene amagulitsa kachasu, koma si tonse timamwa.

Pamene kope limalephera

Tsono ndisakunamizeni kuti phunziroli ndi mankhwala a zonse. Chilowereni pamayeso, ana ambiri amangoliloweza ngati mbiri ya David Livingstone. Mwana akhoza kulemba bwinobwino njira zisanu zokanira mwamuna, nkukhoza mayeso, madzulo ake nkukwera njinga yamoto ya wakabaza amene samulipiritsa. Aphunzitsi enanso ndi anthu ngati ife, manyazi ali nawo. Akafika pamutu wovuta amangolemba manotsi pabolodi nkutuluka.

Koma kulephera kwakukulu kumachitikira pakhomo. Taonani izi. Kusukulu mtsikana akuphunzitsidwa kuti ali ndi ufulu wonena kuti ayi, mokweza, akuyang'ana munthu m'maso. Kunyumba takhala tikumuuza chibadwire kuti mwana wamakhalidwe sayankha akulu, sayang'ana akulu kumaso, akaitanidwa amagwada. Ulemu ndi wabwino, sindikutsutsa. Koma amene amaononga ana athu kawirikawiri si mlendo wa kutchire. Ndi wamkulu amene mwanayo amamudziwa ndipo adaphunzitsidwa kumugwadira: kapitawo wa bambo ake, alamu, mwini nyumba, mwini golosale amene mumakongolako sopo, nthawi zina ngakhale mphunzitsi kapena mkulu wa kutchalitchi. Ngati simudamuuzepo mwana kuti pali zinthu zimene ayenera kukanira wamkulu aliyense, kaya ndi ndani, ndiye kuti ayi wa m'kope uja adzatsalira m'kope momwemo.

China nchakuti timatseka maso pamene tikupindula. Mwana wabwera ndi foni yatsopano, mafuta odzola okwera mtengo, mwinanso paketi ya shuga ya panyumba. Simudamupatse ndalama ndinu, koma simufunsa. Mumathira shugayo m'tiyi nkumati mwanayu ngwanzeru. Chidyamakanda sichiyamba ndi kupempha, chimayamba ndi kupatsa. Paja adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mimba ikadzaoneka mudzati sukulu yalephera, chonsecho shuga mudamwa nawo.

Moyo wa kuno nawonso uli ndi zake. Nyengo ya mvula tiyi akachuluka, makolo ambiri amalawira kumunda kusadache nkubwerako atatheratu, pakamwa posafuna kuyankhula. Amene ali ndi ng'ombe zamkaka, m'mawa ndi kukama ndi kuthamangira kokagulitsa, masana kumweta udzu. Amsika amaweruka kutada. Ana amene sadapeze malo ogona pasukulu amachita lendi timanyumba pafupi ndi sukulu, zija amati self boarding, kumene kulibe wamkulu wowayang'anira, ndipo ufa ukatha pakati pa mwezi amadziwa okha kolowera. M'malo monsemo mphunzitsi amene sagona ndi foni. Pa WhatsApp, Facebook ndi TikTok mwana amaona m'mphindi zisanu zimene kope lonse lija silingayerekeze kujambula. Ndiye mukatentha kope, mwachotsa mphunzitsi waulemu yekhayo, mwasiya opanda ulemuwo.

Tinenenso za chinamwali. Malangizo ambiri a anankungwi ndi abwino: ukhondo, ulemu, kugwira ntchito. M'maparishi ambiri mulinso alangizi a mpingo amene amalanga ana mwachikhristu. Koma kumene kukadali zouza mwana wa zaka 12 kuti tsopano wakula akasase fumbi, dziwani kuti zimenezo zikuphwanya zonse zimene sukulu ndi Mpingo zikumanga, komanso ndi mlandu pamaso pa malamulo. Musadatumize mwana, funsani kuti akamuuza chiyani. Safunsa adadya phula.

Anyamata tawaiwala

Nkhani zotere tikamakamba, maso onse amakhala pa mtsikana, ngati kuti mimba amadzipatsa yekha. Mnyamata akatha msinkhu palibe amene amamukhazika pansi. Mayi amati ndi ntchito ya bambo, bambo amati adzadziwa yekha ngati mmene ndidadziwira ine. Mapeto ake amalangizidwa ndi anzake pa shoo ya mpira ndi pamalo obetchera, kumene mwamuna weniweni amati ndi amene ali ndi zibwenzi zambiri ndipo salira.

Ku Bvumbwe komwe kuno kuli ndende ya achinyamata. Aliyense amene ali m'menemo ndi mwana wa munthu, adabadwa anthu nkululutira. Inu abambo, mwana wanu wamwamuna amve kuchokera kwa inu kuti mtsikana akati ayi ndiye kuti ayi, kuti kugona ndi mwana wamng'ono ndi mlandu waukulu ngakhale atavomera, kuti kukwiya si chilolezo chomenyera munthu, ndi kuti mtima ukalemera si manyazi kuuza wina. Koma kumbukirani kuti iye amaonera inu. Ngati tsiku la malipiro mumafika pakhomo m'bandakucha, thumba lili pululu, mawu anu adzakhala ngati mvula yogwa pamwala.

Tsono tichite chiyani?

Yambani ndi kope lomwelo. M'malo molitentha, muuzeni mwana kuti akuwerengereni ndi kukumasulirani m'Chichewa. Muzichita ngati wophunzira ndinu. Mudzadabwa mmene nkhani imatsegukira mwana akaona kuti simukumuimba mlandu. Ndipo musadikire tsiku lapadera loti mukhale pampando maso ndi maso, ana amachita mantha. Nkhani zotere zimayenda bwino manja ali pantchito: posenda mbatata, popalira, poyenda kuchokera ku Misa.

Ngati pakamwa panu palemera ndithu, si tchimo. Mwambo wathu udaika kale azakhali ndi amalume pa ntchito imeneyi. Sankhani munthu mmodzi wokhulupirika, wa kubanja kapena wa kumphakati, mumuuze mwana poyera kuti uyu ukhoza kumufunsa chilichonse. Chachikulu nchakuti mwana asasowe kopita.

Pitani kumisonkhano ya makolo ndi aphunzitsi, osangotumiza fizi. Kafunseni mwaulemu: amaphunzitsa Life Skills ndani? Mtsikana akavutitsidwa ndi mphunzitsi kapena mnzake, akanene kwa yani, ndipo chimachitika nchiyani akanena? Msambo ukamudzidzimutsa m'kalasi, alipo mayi womuthandiza? Sukulu yabwino sikwiya ndi mafunso otere. Ana a YCS amaphunzitsidwa njira ya magawo atatu: kuona, kuweruza, ndi kuchitapo kanthu. Ifenso makolo itithandize. Ambirife timalumpha kuona, timayambira pa kuweruza.

Samalaninso za thupi lake. Kuyambira mu 2019 boma limapereka kwa atsikana aang'ono katemera wa HPV, woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero, imene imapha amayi ambiri m'dziko muno. Katemerayu saletsa kubereka ndipo satuma mwana kuchita zachiwerewere. Ndipo ngati mukulera mwana amene adabadwa ndi kachilombo, kambiranani ndi achipatala za mmene mungamuuzire ndi mmene azimwera mankhwala ali kusukulu yogonera komweko. Asadzamve kwa anzake.

Kwa inu mabanja achinyamata

Mwina mukuti izi nza eni ana akuluakulu, wanga akadali kumsana. Ayi, m'mera mpoyamba. Mwana wa zaka zitatu kapena zinayi akhoza kuphunzira kale kuti ziwalo zimene zimabisika ndi kabudula ndi zake, palibe woti azizigwira, ndipo wina akamugwira kapena kumuuza kuti usakanene, abwere adzanene kwa amayi kapena adadi ndipo sadzakwapulidwa. Mawu otsirizawo ndiwo ofunika kwambiri. Mwana amene amamenyedwa akaswa kapu sangabwere kudzaulula chinthu chachikulu.

Akakufunsani kumene mwana wa aneba wachokera, musamuuze zoti adakamugula kuchipatala. Yankho lalifupi loona likwanira: adakula m'mimba mwa amayi ake. Akamakula mudzaonjezera. Ndipo inu awiri gwirizanani kuchipinda zimene muziwauza ana, osati mayi kunena izi, bambo izo. Koposa zonse, Life Skills yoyamba imene mwana amaphunzira ndi mmene bambo amayankhulira ndi mayi ndalama ikasowa.

Zikavuta kale

Pali ena mukuwerenga izi mtima uli phaphapha chifukwa madzi adatayika kale. Imvani. Mwana akagwiriridwa, thamangirani naye kuchipatala msanga, asadathe maola 72, kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV, ndipo kanenani kupolisi ku Victim Support Unit. Mukhozanso kuimba mwaulere pa 116, nambala yothandiza ana. Musakambirane zolipitsana mbuzi kuseri, ngakhale wolakwayo atakhala wachibale.

Akatenga mimba, ukwati si yankho. Lamulo la maukwati la 2015 lidaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 aphungu adasintha malamulo aakulu a dziko kuti ngakhale makolo asakhale ndi mphamvu yovomereza ukwati wa mwana. Komanso kuyambira mu 1993 ndondomeko ya boma imalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka. Pitani kwa ahedi mukafunse ndondomeko yake, ndipo ngati mwanayo sangamasuke pasukulu yakaleyo, mufunireni malo pena. Amayi a mother group m'dera lanu akhoza kukuperekezani. Mpingo umene umaphunzitsa kuti moyo wa khanda ngopatulika umaphunzitsanso chifundo kwa mayi wake. Kumuthamangitsa pakhomo ndiye kumukankhira kwa azitsamba ochotsa mimba, ndipo kumeneko ambiri sadabwereko.

Mayi a pamsika aja ndidakumana nawonso sukulu zitatsegulira. Kope silidapse. Adati usiku wina adamuuza mwana kuti awawerengere, ndipo ali m'kati mowerenga, mwanayo adaima nkuwauza za bambo wina wa pafupi ndi siteji amene teremu yonse yapita ankamupatsa ndalama ya transipoti nkumamufunsa nambala ya foni. Adali asadauzepo munthu, poopa kuti akalipiridwa ndi iyeyo.

Bambo aja kwa ahedi adapitadi. Koma nkhani imene adakakamba idali ina.